Mapayipi a oyilo si omanga ndi malegeni

Loweruka lapitali ndinalowa pansi pa pikapu yanga cha m'ma 7 koloko m'mawa, ndipo pomwe mayi a kunyumba amaitana kuti nsima yapsa, n'kuti nditasintha mapayipi onse awiri a oil cooler. Pakhomo pompano, pansi pa mtengo wa mango, mphwanga akundipatsira masipanala. Anzanga awiri atamva, onse anafunsa zofanana: "Achimwene, osangomanga ndi malegeni ndi waya bwanji, zithe?" Funso limeneli landikhala pamtima sabata yonse, chifukwa umu ndi momwe ambirife tikuphera injini zathu.

Galimoto yangayi ndi Mitsubishi L200 yakale, ya dizilo, injini ya 4D56 ya malita 2.5 yokhala ndi turbo. Ndi imene imadyetsa banja langa. Ndimakatenga mbatatesi ndi kabichi ku Lizulu ndi ku Bembeke kudzagulitsa ku Lilongwe, ndiye msewu wa M1 timaudziwa tonse awiri, ine ndi iyo. Kwa inu amene simunasuzumirepo, kutsogolo kwake pafupi ndi rediyeta kuli oil cooler ija, karediyeta kena kakang'ono. M'menemo simuyenda madzi, mumayenda oyilo wa injini. Payipi imodzi imatenga oyilo wotentha kuchokera cha pomwe pali fyuluta, mphepo imamuziziritsa, ndipo inayo imamubwezera mu injini. Si galimoto zonse zili chomwechi ayi. Ma Hilux akale a dizilo oil cooler yake ili yomatirira ku buloko ndipo imazizira ndi madzi a mu rediyeta, ndiye mapayipi ataliatali amenewa alibe. Yambani mwaona yanu kuti ili m'gulu liti.

Payipi iliyonse pakati pake ndi labala, kunsonga ndi chitsulo chofinyidwa ndi makina. Pokumana labala ndi chitsulo ndi pomwe vuto limayambira. Zaka zikamapita labala amauma ndi kutentha, poti oyilo pa chitunda ndi katundu amapitirira madigiri 100, kuonjezapo kugwedezeka kwa m'maenje. Poyamba pamangochita thukuta, fumbi n'kumamatirira. Kenako mumapeza kadontho kakuda pomwe galimoto inagona. Yanga inafika pamenepo, ndipo sindingainene, labala wagwira ntchito zaka zoposa makumi awiri.

Tsono nkhani ya malegeniyi. Injini ikamathamanga, oyilo m'mapayipi amenewa amakankhidwa ndi mphamvu ya ma bar atatu kapena kuposa, kupambana mpweya umene timapopera m'matayala a pikapu yopanda katundu. M'mawa wa mu June ku Dedza, oyilo ali wokhuthala ndi chisanu, mphamvuyo imakweranso. Kodi chubu cha njinga chingagwire zimenezo? Komanso labala wa chubu akakhala mu oyilo wotentha amafewa n'kumatamuka ngati phala. Chimodzimodzi payipi ya madzi imene ena amadula n'kuikapo ndi makilampu. Labala wake anapangira madzi, akamwa oyilo amatupa, amafewa, tsiku lina amangovuka. Pamafunika payipi imene anapangiradi oyilo wotentha, ndipo zimenezi zimalembedwa pa payipi pomwepo.

Ena amati, "Ikadzaphulika ndidzaona getsi lofiira pa dashibodi." Getsi limenelo limayaka mphamvu ya oyilo itagwa kale pansi pa bar imodzi. Pampu ya oyilo sidziwa kuti payipi yaphulika, imangopopabe, ndipo malita oposa 5 onse aja amathera pamsewu m'mphindi zochepa. Turbo ndi mabeyaring'i ndi zimene zimayamba kupsa. Chaka chatha ndinapeza mnzanga wa tomato ataima cha ku Linthipe, kumbuyo kwake kuli mzere wakuda pa tala utali wake ngati bwalo la mpira. Payipi yake anam'mangira makaniko wina wa m'mbali mwa msewu, namuuza kuti iyenda miyezi. Inayenda masabata awiri. Injini inanoka, tomato tinasamutsira m'galimoto yanga usiku, theka ataphwanyika. Galimoto imeneyo ikadali pa zitsa mpaka lero, ndipo bambo amene ankalemba anyamata awiri ntchito pano akuchita kupempha malo pa lole ya ena. Zimandipweteka ndikamuona.

Ndikudziwa chimene chimatichititsa. Ndalama yavuta, masipeya akwera, ndipo tsiku limodzi galimoto itaima ndiye kuti kunyumba ndiwo zasowa. Koma n'chifukwa chake ndikunena kuti ntchitoyi ichitireni pakhomo, ndalama ya leba ija muikize pa payipi yeniyeni. Mukalephera kupeza yatsopano m'masitolo a masipeya ngati a ku Malangalanga mu Lilongwe, masulani yakaleyo mupite nayo kwa amene amafinya mapayipi a ma hydraulic a mathirakitala. Angathe kukuikirani labala watsopano woyenera oyilo pa nsonga zanu zomwezo. Ine ndinachita zimenezo, ndipo ndinasintha onse awiri nthawi imodzi. Anabadwa tsiku limodzi, akalambira limodzi.

Ntchito yake siyovuta, koma imafuna kudekha. Injini ikhale yozizira. Galimoto ikhale pamalo osatsetsereka, handibuleki yokoka, miyala kumatayala. Mukaikweza, musalowe pansi itangotsamira pa jeke yokha, ndipo njerwa musazikhulupirire, zimanyenyeka mosachenjeza. Zitsa zolimba za mtengo kapena masitandi achitsulo ndiye zoyenera. Ndisanamasule chilichonse ndinajambula ndi foni momwe mapayipi akudutsira, kenako ndinatsuka ponse ndi palafini ndi kaburashi, chifukwa kamchenga kamodzi kakalowa m'njira ya oyilo kamakathera ku mabeyaring'i.

Pomwe ndikufuna mumvetsetse ndi pa mabawuti. Amene amagwira mapayipiwa ndi obowoka mkati, amene amakaniko amati banjo bolt, ndipo oyilo amadutsa mkati mwakemo. Bawuti yobowoka siipirira nkhanza. Mukaikapo chitsulo chotalikitsira sipanala n'kukoka ndi mphamvu zonse, imaduka, theka n'kutsalira mkati, apo ndiye ntchito ya m'mawa umodzi yasanduka ya sabata. Ku mbali ya oil cooler samalani kwambiri, chitsulo chake n'chopyapyala ndipo sichichedwa kung'aluka. Gwirani tsinde lake ndi sipanala ina pomwe mukumasula. Imodzi inandikanira, ndinaithira mafuta omasulira dzimbiri n'kukamwa tiyi, pobwera inamasuka bwinobwino. Akuluakulu ananena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Bawuti iliyonse ili ndi mawashala awiri a kopa, wina pansi pa nsonga ya payipi wina pamwamba. Amenewa ndi amene amatseka oyilo, osati mphamvu ya mkono wanu. Kopa akafinyidwa kamodzi amauma, ndiye akale aja mukawabwezera pamadonthabe, inu n'kumaonjezera kumanga mpaka bawuti kuduka. Gulani atsopano, ndi a ndalama yochepa kwambiri pa zonse zimene mugule tsikulo. Mukasowa zenizeni, otchani akalewo pa mbaula mpaka afiire, akazizira amafewanso. Silikoni ndi ulusi wa mapulambala zisayandikire pamenepo, tizidutswa take timakatseka tinjira ta oyilo.

Pomanga, yambani ndi zala mpaka bawuti italowa yokha mosakakamiza, sipanala ibwere pomaliza. Payipi isapotoke, isakhudze lamba wa fani kapena chitsulo chakuthwa, ndipo timabulaketi take tonse tibwerere m'malo. Ine ndinapezerapo mwayi wosintha oyilo ndi fyuluta, 15W-40 wa dizilo. Nditaliza injini ndinayang'anitsitsa getsi la oyilo mpaka litazima, ndinaisiya ilire pang'ono, n'kuzimitsa, n'kudikira, n'kuyezanso. Oyilo anali atatsika chifukwa mapayipi ndi oil cooler zinali zopanda kanthu, ndiye ndinaonjezera. Ambiri amaiwala pamenepa.

Sindikunyoza amakaniko. Alipo odziwa ntchito amene andiphunzitsa zambiri, ndipo mukapeza mazinga a bawuti atadyeka, oil cooler itang'aluka, kapena oyilo akusakanikirana ndi madzi, pitani kwa iwo musalimbane nazo. Chimene ndikukana ndi kumanga ndi malegeni n'kumati takonza. Mukamanga panjira kuti mungochoka pamalo oopsa kufika pa sitolo yapafupi, ndikumva. Koma musanyamule katundu ndi anthu mawa lake payipi ili chomwecho.

Oyilo wakale ndinamuthira m'chigubu chotseka, sindinataye pansi, poti chitsime cha aneba chili pafupi ndipo ana amasewera pomwepo. Usiku ndinayala katoni pansi pa injini, m'mawa ndinapeza youma. Lolemba ndinapita ku Lizulu n'kubwera ndi matumba odzaza, ndinaima pa Dedza n'kupisa dzanja pa mfundo zonse zinayi, zala zinatuluka ndi fumbi lokha. Mmodzi wa anzanga aja amene ankati malegeni wandiimbira dzulo kuti yake yayamba thukuta. Ndamuuza agule mawashala asanu ndi atatu, Loweruka ndikubwera ndi masipanala.