M'chipululu mulinso zamoyo

A mlembi, mwati malo opangira magetsi a dzuwa sawononga kanthu poti m'chipululu mulibe zamoyo. Apo ndiye ndakana. Ine ndimayendetsa thiraki kuchoka kuno ku Johannesburg kupita ku Upington, ndipo nsanja ya Khi Solar One, malo opangira magetsi a dzuwa pafupi ndi Upington, ndimaiona ili ng'aning'ani ndikadali kutali, maso mpaka kuwawa. Magalasi ambirimbiri amalozetsa dzuwa pamwamba pa nsanjayo. Ku Ivanpah, malo ena otere a ku California, mbalame zimapsa nthenga zikadutsa m'kuwala kotereku.

Mapanelo wamba aja nkhani yake ndi ina. Pansi pake pamakhala mthunzi, chinyezi chimakhalitsa, udzu n'kumera pomwe panali gwaa. Koma kafukufuku wa ku Arizona wa mu 2016 anapeza kuti usiku mpweya wa pamalo a mapanelo umatentha ndi madigiri 3 mpaka 4 kuposa m'tchire loyandikana napo. Nanga mpanda wozungulira malowa? Fulu akafika pawaya amangoyenda cham'mbali, kusowa podutsa.

Magetsiwo tikuwafuna ndithu, load shedding inatizunza ku Yeoville kuno, ndiwo kuwolera m'filiji. Omanga malowa angosiyako timipata pansi pa mpanda kuti afulu ndi akalulu azidutsa.