Left tackle mumtenge mukakhala ndi woti amuteteze

Mlembi wina akuti timu ya mpira wa ku America (NFL) ikakhala ndi mwayi wosankha koyambirira pa draft (posankha osewera atsopano), izingotenga left tackle basi. Apo ine ndakana pang'ono, akulu. Ntchito ya left tackle ndi kulondera kumsana kwa quarterback (woponya mpira), mbali imene saiona akamaponya ndi dzanja lamanja. Nanga ngati quarterback weniweniyo mulibe? Cleveland Browns inatenga left tackle Joe Thomas pa nambala 3 mu 2007. Mkuluyu anasewera ma snap (kuyambitsa kwa sewero lililonse m'gemu) 10,363 otsatizana osatulukamo, koma mpaka kupachika nsapato sanalaweko ma playoffs (ndime yachipulula) olo kamodzi. Ma quarterback kumeneko ankangosinthidwa ngati malaya.

Koma quarterback wanu mukampeza, musazengereze kutenga left tackle. Joe Burrow, quarterback wa Cincinnati Bengals, anavulala bondo koopsa mu Novembala 2020, Bengals n'kukasankha wowakha mpira Ja'Marr Chase mu 2021, kumusiya tackle Penei Sewell ali pompo. Ku Super Bowl, fainali ya NFL, Bengals anafikadi, sindikutsutsa, ndipo Chase ndi katswiri. Komatu Burrow anagwetsedwa ka 51 chaka chimenecho, pa fainali timu ya Los Angeles Rams n'kumugwetsanso ka 7. Ndinachezera usiku kuonera, mtima uli m'malere Aaron Donald wa Rams akangomuyandikira.