Mlalang'amba ukadalipo kuseri kwa mapiri a Chipata

Mwezi wa Julayi chaka chatha ndinatenga mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 11 amene anabadwira ndi kukulira ku Kapata, n'kupita naye kumudzi kwathu panjira ya ku Chadiza. Titatha kudya nsima yamadzulo tinakhala panja tikuotha moto, ndipo moto utazirala mnyamatayo anakweza maso kumwamba n'kukhala duu kwa kanthawi. Kenaka anandigwira mkono nati, "Amalume, utsi uwo ukuchokera kuti?" Ankaloza mzere woyererako umene unadutsa thambo lonse kuchokera kummwera mpaka kumpoto chakummawa. Ambuya ake, amene ndi amayi anga, ndiwo anamuyankha kuti, "Si utsi umenewo, mdzukulu wanga. Umenewo ndi Mlalang'amba."

Funso la mwanayo landikhala pamtima mpaka lero. Kwawo ndi kumudziko ndi ulendo wosakwana ola limodzi pagalimoto, koma m'zaka zake zonsezo anali asanaonepo chinthu chimene ife tinkachiona usiku uliwonse wopanda mwezi, osadziwa n'komwe kuti tsiku lina chidzasowa. Maganizo anga ndi akuti mdima wa kuthambo umene tikadali nawo kuno kummawa kwa Zambia ndi chuma, ndipo tikuutaya pang'onopang'ono chifukwa tinazolowera kunena kuti kumene kuli mdima ndiko kotsalira.

Nyenyezi sizinachepe pamwamba pa Chipata. Chimene chimachitika n'chakuti kuwala kwa mababu a m'misewu, a pamalo ogulitsira mafuta, a m'mipanda ya nyumba ndi a pazikwangwani za malonda sikuthera pansi pokha, koma kwina kumalowera kumwamba, kumene kumamwazika ndi fumbi, utsi ndi chinyezi cha mumpweya. Thambo limene linayenera kukhala lakuda bii limasanduka lotuwa, ndipo nyenyezi zowala pang'ono zimamira m'kutuwako. Mu 2016 akatswiri otsogozedwa ndi Fabio Falchi anatulutsa mapu a kuwala kwa usiku padziko lonse, ndipo anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse sangathenso kuona Mlalang'amba ali kwawo. Okonda nyenyezi amayeza mdima ndi muyezo umene John Bortle anaukonza mu 2001, woyambira pa 1, pamene pali mdima weniweni, kufika pa 9, pamene ndi pakati pa mzinda waukulu. Chipata sinafike pa 9, koma kuyambira pamene inakhala mzinda mu 2017 ikukula mofulumira, ndipo aliyense wobwera usiku kuchokera ku Katete amaona kuyera kwake kuli pamwamba pa mapiri asanaone nyumba ngakhale imodzi.

Ambiri a ife tinazindikira zimenezi mu 2024, pamene chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankazima kwa maola ochuluka. Sindikuyamikira nyengo imeneyo, chifukwa zigayo zinaima, owotcherera zitsulo anasowa chochita, ndipo ana ankawerenga ndi makandulo. Koma ndikukumbukira usiku wina m'dera lathu lonse muli bii, anthu atakhala pamakonde, Mlalang'amba uli mbee pamwamba penipeni pa madenga athu. Unalipo masiku onse, ndipo ndife amene tinauphimba.

Munthu wofuna kuona thambo limeneli safunika ndalama zambiri, koma afunika kusankha bwino malo, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Ena amakwera phiri la Kanjala poganiza kuti kukwera ndiko kuyandikira nyenyezi, koma pamwamba paphiripo magetsi a mzinda wonse amakhala m'maso mwawo. Chofunika ndicho kuchoka mumzinda mpaka phiri litaima pakati pa inu ndi magetsiwo. Mmene ndaonera ine, makilomita 20 kapena 30 amasintha zinthu kwambiri, malinga mwapatuka pamsewu waukulu, chifukwa galimoto imodzi yokha yodutsa itayatsa nyali zake imakubwezani poyambira. Pezani dambo louma, bwalo la mpira la sukulu ya kumudzi, kapena munda wokololedwa kale umene suli pafupi ndi mitengo italiitali.

Mbali imene mwalowera nayonso ili ndi kanthu. Chipata ili pafupifupi madigiri 13 ndi theka kummwera kwa mzere wogawa dziko pakati, ndipo zokongola zambiri za thambo lathu zili chakummwera. N'chifukwa chake ine ndimalangiza njira ya ku Chadiza kapena ya ku Vubwi, kuti kuyera kwa mzinda kutsale kumbuyo kwanu pamene mukuyang'ana kummwera. Mukalowera njira ya ku Lundazi mdima uliko wabwino ndithu, koma muyenera kupita patali kuposa pamenepo, popeza kuyera kwa Chipata kudzakhala mbali yomweyo imene mukufuna kuyang'ana.

Mwezi ndiye nyali yaikulu kuposa zonse. Makolo athu ankachezera gule mwezi ukawala, koma wofuna nyenyezi amadikira masiku amene mwezi uli kumdima, kapena utangokhala kumene, ukadali wowonda ngati chikwakwa ndipo ukulowa msanga. Mwezi umatenga masiku 29 ndi theka kuti ubwererenso pamene unayambira, choncho mwezi uliwonse pamakhala pafupifupi sabata imodzi ya mdima wa ndiweyani. Kunena za nyengo, miyezi yabwino koposa ndi Meyi, Juni ndi Julayi, mvula itatha kutsuka mpweya, mitambo itachoka, tchire lisanayambe kupsa. Kukamafika Ogasiti, pamene anthu akukonzekera Kulamba ku Mkaika, utsi wa moto wa osaka mbewa ndi wa otentha mapesi umakhala utayamba kudzaza mpweya, ndipo pofika Seputembala ndi Okutobala nyenyezi za m'munsi mwa thambo zimazimirira ngakhale kumudzi kopanda babu ndi limodzi lomwe. Moto wolusa timaudandaula chifukwa cha nthaka ndi mitengo, ndipo n'zoona, koma umatilandanso thambo. Tengani chofunda chokwanira, chifukwa kuzizira kwa Juni padambo sikuchitira munthu chisoni.

Diso la munthu limafuna mphindi 20 kapena 30 kuti lizolowere mdima bwinobwino, ndipo kungoyang'ana foni kamodzi kumafafaniza zonsezo. Mwana wa mlongo wanga uja anavutika nazo zimenezi, mpaka ambuya ake anamulanda foni n'kuimanga pansonga ya chitenje. Ngati mukufuna tochi, ikutireni ndi pepala la pulasitiki lofiira, chifukwa kuwala kofiira sikusokoneza diso kwambiri. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Stellarium imene imasonyeza dzina la nyenyezi iliyonse, ndipo ili ndi njira yosandutsira foni kukhala yofiira, koma ine ndimakonda kuiphunzira masana ndili kunyumba, kuti usiku maso akhale kumwamba.

Pali nkhani ina imene mabuku a kunja sanena, koma kuno ndi yaikulu. Munthu wachilendo woima m'munda wa eni usiku, ali chete, akuloza kumwamba ndi chitsulo, anthu sangamuganizire zabwino. Ena adzati wabwera kudzazonda khola la ng'ombe, ena adzati ndi zaufiti, ndipo sindingawadzudzule, chifukwa kuba ziweto kwasautsa midzi yambiri. Fikani kukadawala, kaonekereni kwa amfumu, fotokozani chimene mwadzera, ndipo pemphani kuti akupatseni mnyamata wokuperekezani. Funsani kumene kuli manda ndi kumene kuli dambwe kuti musapondeko. Ine ndaona kuti mukatero simukhala nokha padambopo, chifukwa ana amabwera, kenaka akuluakulu, ndipo akuluakuluwo ndiwo amakhala ndi mayina a nyenyezi amene ife a m'tauni tinaiwala. Ku Mfuwe, pafupi ndi nkhalango ya South Luangwa, mdima ndi wochititsa kaso, koma kumeneko njovu ndi mvuu zimayenda usiku, choncho khalani pamalo amene eni ake akuuzani kuti ndi otetezeka.

Madzulo a Juni mukayang'ana kummwera mudzaona Mtanda wa Kummwera, ndipo pambali pake pali nyenyezi ziwiri zowala zouloza. Yowala kwambiri mwa ziwirizo ndi Alpha Centauri, imene ili m'gulu la nyenyezi zoyandikana nafe kuposa zina zonse kupatula dzuwa, komabe kuwala kwake kumayenda zaka zopitirira zinayi kuti kufike m'diso lanu. M'mphepete mwa Mtandawo muli kachigamba kakuda ngati thumba la makala, kamene ndi mtambo wa fumbi wotchinga nyenyezi za kuseri kwake. Ine ndimayeza mdima wa malo ndi kachigamba kameneka: mukakaona bwino, dziwani kuti mwafika pamalo oyenera. Usiku ukamakula, chigawo chonenepa kwambiri cha Mlalang'amba, chimene ndi pakati pa gulu lonse la nyenyezi limene dzuwa lathu lilimo, chimakwera mpaka pafupi ndi paliwombo. Anthu a ku Ulaya amachiona chili m'munsi penipeni mwa thambo lawo, ndipo ena amalipira ndalama zambiri kubwera kummwera kwa Africa kudzachiona monga mmene ife timachionera titakhala pamphasa.

Amayi anga amadziwa Nthanda, yowala mbandakucha, imene kwenikweni ndi pulaneti ya Venus. Amadziwa Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zondondozana, ndiponso Nsangwe, kagulu kothithikana kamene kamatuluka kummawa madzulo a Novembala, pamene alimi akuyang'anira mvula yoyamba. Mayina amenewa sangakhalitse ngati ana saziona nyenyezi zake. Ngakhale mbiri ya Angoni a Mpezeni inamangirira kuthambo, popeza chaka chimene Zwangendaba anawoloka Zambezi ndi anthu ake chimadziwika kuti ndi 1835 chifukwa cha kadamsana amene anachitika pa tsiku lowolokalo, m'mwezi wa Novembala. Wokhala ndi mabainokula wamba akhoza kuwonjezera pa zimene makolo anaona: mukawatsamiritsa pamtengo kuti asagwedezeke, mudzaona timadontho pambali pa pulaneti ya Jupiter, timene ndi miyezi yake inayi imene Galileo anaiona mu 1610.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti ndikulakalaka mdima pamene midzi yambiri ikulirira magetsi, ndipo amayi akuopa kuyenda usiku m'makomboni chifukwa cha achifwamba. Magetsi ndikuwafuna, ndipo ndikufuna afike mudzi uliwonse wa ku Vubwi, ku Sinda ndi ku Lumezi. Chimene ndikukana ndi babu loyang'ana kumwamba. Kuwala kopita kuthambo sikuopseza mbala, sikuunikira mwana wowerenga, koma mwini nyumba amakulipira ndi mayunitsi ake. Mababu oyera kwambiri a sola amene afala masiku ano ambiri amapachikidwa chopendeka, moti amathobwa m'maso munthu wodutsa, ndipo kuseri kwake kumatsala mthunzi wakuda umene wakuba angabisalemo bwino. Babu lokhala ndi chivundikiro pamwamba, loloza pansi, lowala mofiirira, ndiponso loyaka pokhapokha munthu akayandikira, limateteza nyumba bwino kuposa pamenepo.

Ku Namibia anazindikira msanga. Mu 2012 malo otetezedwa a NamibRand anakhala oyamba mu Africa kuvomerezedwa ngati dera losungira mdima wa kuthambo, ndipo alendo amapitako chifukwa cha nyenyezi. Ife tili kale ndi alendo odzaona akambuku ku Luangwa, ndipo sindikuona chimene chingaletse achinyamata a ku Mambwe kuphunzira thambo n'kumawafotokozera alendowo mayina a nyenyezi m'chinenero chathu. Ndikupempha amene amaika magetsi m'misewu ya Chipata kuti posankha mababu atsopano asankhe ovundikira pamwamba, ndipo aphunzitsi a sayansi atulutseko ana pabwalo usiku umodzi wokha m'nyengo yozizira.

Kwathu ndinayamba ndi babu la pakhomo panga. Ndinapita kwa wokhoma zidebe kumsika, anandidulira chivundikiro cha lata chonga chipewa, ndipo tsopano kuwala kumagwera pakhonde ndi pageti basi. Mwana wa mlongo wanga wandiuza kale kuti tidzabwererenso kumudzi kumayambiriro a Meyi, chifukwa anamva kusukulu kuti cha pa 5 ndi pa 6 mwezi umenewo, mbandakucha, nyenyezi zimathothoka zambiri pamene dziko likudutsa m'fumbi losiyidwa ndi nyenyezi ya mchira ya Halley. Nyenyezi imeneyo ambuya ake anaiona mu 1986, ndipo idzaonekanso mu 2061, mnyamatayo ali bambo wa zaka pafupifupi 50.