Mwana wanga sapita ku nesale, ndipo sindikumulakwira

Ndakhala ndikudzigwira kuyambira Loweruka koma zandikanika, ndilankhule basi.

Tinali ku chinkhoswe ku Chinamwali, kuno ku Zomba, azimayi tili kuseri kwa nyumba tikusenda anyezi. Mayi ena, sindiwatchula dzina, anaitana mwana wanga wa zaka 5 n'kuyamba kumufunsa m'Chingerezi dzina lake, zaka zake ndi kumene amaphunzira. Mwana anangowayang'ana, kenako ananjuta n'kuyankha m'Chichewa kuti amaphunzira kunyumba ndi amayi ake. Mayiwo anaseka chikhakhali, n'kutembenukira kwa ine anthu onse akumva: "Amake mwana, zoona? Mwana wamkulu ngati ameneyu ali pakhomo? Mukumulakwiratu. Ngati vuto ndi ndalama muzinena, tikusonkhereni."

Tikusonkhereni! Ine ndinagogoda pakhomo pa ndani kuti mwana wanga akusowa fizi? Ndinangomeza malovu poti mwambo unali wa eni ake, sindikanafuna kuti chinkhoswe cha mwana wa anthu chidzakumbukiridwe ndi pakamwa panga. Koma mtima sunatsike mpaka lero.

Ndiye ndinene pano aliyense amve. Mwana amene akuphunzira pakhomo sakulakwiridwa. Sanatayidwe, sanaiwalike, makolo ake sanagone. Ine ndi bambo ake tinakhala pansi, tinakambirana, tinagwirizana kuti chaka chino mwanayu aphunzire ndi ine, akakwanitsa zaka 6 akayambe Sitandade 1 ngati mwana wina aliyense. Ndi chisankho, mayi, si ngozi imene yatigwera.

Zifukwa zake n'zodziwika kale, sindichedwapo: kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chinakwera, fizi ndi kabaza womwe, komanso mtima wanga sunkalola kuti kamwana kotere kazikwera njinga yamoto m'mamawa pamsewu wa M3 kopanda chisoti kumutu. Basi.

Chimene chikundiwawa n'chakuti anthu tayamba kuyeza mwana ndi yunifomu. Akavala kajuzi ka mizere, kachikwama ka zidole kumsana, botolo la juwisi m'manja, ndiye kuti akuphunzira. Akakhala pamkeka pakhonde la kwawo akulemba ndi khala pasimenti, ndiye kuti akumulakwira. Ndani anakhazikitsa lamulo limeneli? Sukulu ya boma imalemba mwana mu Sitandade 1 ali ndi zaka 6, ndipo safunsa satifiketi ya ku nesale. Mabuku a ku pulayimale amakonzedwa pompano pa Domasi, ku Malawi Institute of Education. Tsegulani buku la Chichewa la Sitandade 1 muone pamene limayambira: malembo ndi maliwu ake, kenako maphatikizo, kenako timawu tating'ono. Limayamba ndi mwana kuchokera pansi. Mayeso a boma oyamba amene mwanayu adzalembe ndi a kumapeto kwa pulayimale, ndipo maofesi a MANEB ali konkuno ku Zomba, kwerani kabaza mukafunse ngati pa fomu pali mzere wolembapo dzina la nesale.

Inuyo mayi amene munaseka, munapita nesale iti? Ndikufunsa ndithu. Mu 1994 sukulu ya pulayimale itakhala yaulere ana anakhamukira m'makalasi mpaka ena n'kumaphunzirira pansi pa mitengo. Ndi angati mwa iwo anadutsa ku nesale? Ambiri anachokera ku masanje n'kukakhala m'kalasi. Lero ndi amene akutibaya jakisoni m'zipatala, ndi amene akuphunzitsa ana anu omwewo. Makolo awo anawalakwira? Agogo athu onse anali olakwa?

Mwana wanga akuphunzira. Ndibwereze, akuphunzira. M'mawa tikasesa n'kumwa phala timayala mkeka dzuwa lisanatenthe. Sitichedwa, mwana wa msinkhu umenewu sakhala pansi nthawi yaitali, akayamba kuyasamula timasiya. Amawerengera ndi zitsekerero za mabotolo, amazigawa m'milu, kuchotsa ziwiri, kuwonjezera zitatu. Amalemba a, e, i, o, u, ndipo pano walowa mu ba, be, bi, bo, bu. Dzina lake amalemba yekha, lopindikapindika koma lowerengeka. Tikapita kumsika wa Mpondabwino ndi iye amene amawerenga tomato pamulu, ndipo amadziwa mulu umene wachepa. Ndikamasoka amandisankhira mabatani, ofiira pawokha, akuda pawokha, aakulu uku, aang'ono uku. Madzulo agogo ake akati "Padangotero," iye ndi woyamba kuyankha kuti "Tili tonse," ndipo mawa lake amandifotokozera nthano yonse mwandondomeko, kalulu anayamba wachita chiyani, kenako chiyani, mathero ake otani. Anandifunsa tsiku lina kumene madzi a pampopi amachokera, ndinamulozera phiri n'kumuuza za damu la Mulunguzi, ndiye mvula ikangogwa kuphiri amalengeza kuti damu likumwa. Zonsezi si maphunziro? Zimasanduka maphunziro pokhapokha zikachitikira kuseri kwa geti yopaka utoto wa buluu?

Koma poti sanayankhe m'Chingerezi, basi wagwa mayeso. Mayeso a pa chinkhoswe, olembetsa mayi atagwira mpeni wa anyezi. Chingerezi sindidana nacho, ndimamuphunzitsa timawu pang'onopang'ono, ndipo kusukulu akachipeza kuyambira Sitandade 1. Koma tisanamizane. Ana ambiri amene timawaombera m'manja m'maukwatimu analoweza mayankho atatu okha. Mukasintha funso pang'ono amangobwereza dzina lawo. Si vuto lawo, ndi ana. Vuto ndi ife akuluakulu amene tikamva kamwana katchula mawu awiri a Chingerezi timaiwala kufunsa ngati kakumvetsa chimene kakunena. Mwana wanga anamva kuti akufunsidwa, anapereka ulemu, anayankha zoona m'chilankhulo chimene amaganizira. Ine pamenepo sindinaonepo cholakwika.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndangonena.

Ena amati akhala wamanyazi, sadzadziwa kukhala ndi anzake. Kwathu kuno ku Matawale? Munafikako masana? Ana amachita kudzaza mpaka njira kusowa. Wanga akangomaliza za pamkeka sindimuonanso mpaka njala imubweze. Phada, fulaye, chibisalirano, masanje, kukangana, kulira, kugwirizananso, zonse amachita. Lamulungu ali ku Sande sukulu, amaimirira kutsogolo n'kunena vesi. Mwana wa m'makomo athu ano sasowa anzake. Amene amasowa anzake mwina ndi uja amatsekeredwa m'mpanda akaweruka n'kupatsidwa foni.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti aliyense achotse mwana ku nesale. Ine ndimasoka pakhonde, ndili ndi mpata. Mayi amene amalawirira ku ofesi, namwino wa usiku, wa geni amene amapita ku Songani kukapikula, ayenera kusiya mwana penapake, ndipo sindingamunene. Alezi a sukulu za mkombaphala m'midzi ya ku Jali, ku Mayaka, ku Thondwe, ambiri amagwira ntchito mongodzipereka, amaphika phala, amaimba ndi ana tsiku ndi tsiku, amenewo ndimawavulira chipewa. Ine sindinaseke munthu chifukwa chotumiza mwana ku nesale. Ndiye n'chifukwa chiyani wina andiseke chifukwa chosamutumiza? Inu mwasankha zanu, ine ndasankha zanga. Mwana wanu simukumulakwira, wanganso sindikumulakwira.

Chimene chimandinyansa kwambiri ndi kuja kolankhula ngati chifundo. "Ife tikungokuthandizani." Thandizo limabwera pagulu, ndi chikhakhali? Munthu wofuna kuthandiza amakuitanira pambali, amayamba wafunsa kuti achemwali, mwanayu mumachita naye zotani pakhomo? Akanafunsa ndikanawauza. Ndikanawaonetsa kope lake. Koma ayi, anaweruza kale asanamve. Kwa iwo mwana wopanda yunifomu ndi umboni wa umphawi kapena ulesi, palibe chachitatu. Ndipo mwana anamva zonse. Usiku anandifunsa kuti, "Amayi, kodi ine sindiphunzira?" Mwana amene m'mawa mwake anali atalemba mzere wonse wa ma, me, mi, mo, mu yekha, kufika pokayikira chifukwa cha pakamwa pa munthu wamkulu. Ndiye wolakwira mwana pamenepa ndani, ine kapena inu?

Apongozi anga poyamba nawonso ankakayikira, sindibisa. Koma iwo anabwera, anakhala pamkeka, anaonerera. Sananene zambiri, anangopita kukatola zitsekerero zina n'kubweretsa m'jumbo. Munthu wamkulu amatero. Amayamba waona.

Ndipo tisamaiwale kuti mphunzitsi woyamba wa mwana aliyense, ngakhale wa ku nesale yodula, ndi wa pakhomo. Kulankhula anamuphunzitsa ndani? Kudya yekha, kusamba m'manja, kupereka moni, kulandira chinthu ndi manja awiri? Zonsezo tinakwanitsa popanda satifiketi, palibe amene anatiuza kuti tikumulakwira. Lero tafika pa a, e, i, o, u, ndiye akuti mayi sangathe, pakufunika geti ndi lisiti. Ine ndinafika Fomu 4. Mukundiuza kuti sindingaphunzitse mwana wa zaka 5 kuwerenga mpaka 20? Chipongwe chimenecho ndachikana. Sindikumulakwira, sindikumuchedwetsa, sindikumubisa. Chaka chamawa akalowa m'kalasi mudzabwere mudzafunse aphunzitsi ake, osati kumuyesa kuseri kwa nyumba ya eni ake.

Poti ndayamba kale, ndinenenso za magirajuweshoni a ku nesalewa. Abale, tikupita kuti? Kamwana kosadziwa kumanga zingwe za nsapato kavekedwe mkanjo wakuda ndi chipewa cha ngodya zinayi. Zipewa zimenezi ife tinkaziona ku Great Hall pa Chanco, munthu atavutika zaka zinayi, atagona ndi njala ku Chikanda, makolo atagulitsa mbuzi. Lero mwana wamaliza kuimba nyimbo za malembo, basi mkanjo. Mchemwali wanga ali ndi mwana ku nesale ina m'tauni muno, anandionetsa uthenga wa pa gulu la makolo la WhatsApp: ndalama ya mkanjo, ndalama ya keke, ndalama ya wojambula, ndalama ya mphatso ya aphunzitsi, ndalama ya zokongoletsera holo, ndipo kholo lililonse libwere ndi chakudya chakechake. Fizi analipira kale, imeneyo ndi ina. Amene wachedwa kulipira dzina lake limaikidwa pagulupo aliyense aone. Anachita kukatenga ngongole ku banki m'khonde kuti mwana asakhale yekha wopanda mkanjo pa chithunzi, ndipo pano akubweza ndi chiwongoladzanja. Tsiku lakelo ana amakhala padzuwa kuyambira m'mawa, thukuta kamukamu mu nsalu yakuda, ena akulira, ena agona pampando, akuluakulu ali kalikiliki ndi malankhulidwe osatha. Ndipo mkanjowo si wanu ayi, mwambo ukangotha amaulanda pageti pomwepo, chaka chamawa adzaubwereketse kwa ena pamtengo wokwera.