Password yanga si ya alendo

Lero ndakwiya, ndipo ndilankhula. Kuofesi kwathu kuno ku Thyolo boma kunabwera mayi wina kuchokera ku Blantyre kudzatiphunzitsa. Chaja anaiwala ku Limbe, laputopu yawo n'kuthima. Abwana amvekere, "Achimwene, abwerekeni yanuyo, angoonetsa ma slide basi."

Malaputopu athuwa amayang'aniridwa ndi a IT pa intaneti kudzera pa Microsoft Intune, ndipo sulowamo popanda akaunti ya kuntchito. Mlendo alibe akaunti. Ngakhale a IT akanawatsegulira akaunti, kulowa koyamba kumafuna netiweki, yomwe kuno chiperoni chikangoyamba imachita ngati yapita kukathyola tiyi. Ndiye ndinatani? Ndinalowa ndi password yanga n'kuwasiyira makina. Maola atatu athunthu! Imelo yanga ya Outlook ili chitsegulire, payslip yanga ili pa OneDrive, uthenga wa pa Teams wokhudza ngongole yanga n'kutulukira pa projekita, holo yonse ikuwerenga.

Ndakhala ndikupempha a IT kuti atiikire akaunti ya alendo ya pamakina pomwepo, local account yopanda mphamvu za admin. Windows ili nayo kale njira yake, Shared PC, mlendo akatuluka zake zonse zimafufutika. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, akaunti yakenso izikhala choncho. A IT akuti ayi, akaunti zotere n'zovuta kuzilondola. Chabwino.

Koma chitetezo chake n'chiti pamene munthu wachilendo akugwira ntchito m'dzina langa? Akatumiza imelo, wasaina ndine. Akafufuta fayilo, wafufuta ndine. Akabaya flash ya mavairasi, kalata yochenjeza ibwera kwa ine. Inu a IT mwakana kumangira alendo kachipinda kawo, mapeto ake akugona kuchipinda kwanga, pamphasa panga, inu muli ku Blantyre mukuti nyumba ndi yokhoma. Alendo sadzasiya kubwera: ma auditor, ana a attachment, aphunzitsi ngati a lerowa. Aliyense akulowera pa password ya munthu wina, ndipo nonse mukudziwa. Mnzanga wina anafika poilemba pakapepala n'kumata kunsi kwa laputopu.