Ndani amadya mbale yodzaza minti?

Amtolankhani, mwalemba kuti minti imaposa sipinachi pa ayironi ndi kashiamu. Zoona, pa magalamu 100, minti ya mtundu wa peppermint ili ndi ayironi pafupifupi mamiligalamu 5, sipinachi 2.7 basi. Koma ndani amadya minti yochuluka chonchi? Timangothothola timasamba tingapo kuti chakudya chinunkhire, pomwe sipinachi munthu amadya mbale yathunthu.

Mwasiyanso mfundo yofunika. Kashiamu wa m'sipinachi amagwidwa ndi oxalate, mchere wachilengedwe wopezeka m'masamba ake, moti thupi limatengako pang'ono chabe. Komanso sipinachi ili ndi vitamini K wambiri zedi. Mayi anga amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana omwe mphamvu yake imachepetsedwa ndi vitamini K, ndipo adokotala anawalangiza kuti asamasinthesinthe mlingo wa sipinachi yomwe amadya. Anzanga amene mukumwa mankhwalawa, chonde funsani kaye adokotala musanayambe kudya yambiri.