Kuno kuchigwa munthu amasungulumwa ali pagulu

Wina analemba za buku lina kuti ndi lofatsa, likukamba za mlendo wosungulumwa amene akupeza mnzake mosayembekezera. Alembi athu akaika nkhani yotere ku Nsanje kapena ku Chikwawa amalakwitsa pomutsekera munthuyo m'nyumba. Kutentha kwa Okutobala sikulola zimenezo, aliyense amakhala pansi pa mtengo. Alembi inu, lembani za wodula nzimbe ku Nchalo amene samva Chisena anzake akamaseka, kapena agogo amene madzi a 2015 anawasamutsa ku Makhanga, nasiya manda a amuna awo kutsidya.

Ubwenziwo musauthamangitse. Lero apatsane moni, mawa wina adzapale moto, mkuja apemphe mchere, kenako akwere bwato limodzi powoloka Shire. Akayamba kuululirana zakukhosi patsamba lachiwiri, wowerenga wa kuno sangakhulupirire, poti za m'nyumba sitiuza munthu amene sitinadye naye nsima.